Funso la Nambala 21

Sunthani mbaulayo ibwere pakati, a Phwitiko, mwaikumbatira ngati makalawo mwagula nokha. Magetsi awa sabwera msanga, ndipo mapepala sitichonganso lero. Ndakumvani kuyambira pa chakudya paja mukutamanda makompyuta, akuti masiku ano mphunzitsi amangodina batani, mafunso a mayeso n'kumatuluka okha ngati mbuliwuli. Sindikutsutsani ayi. Amatulukadi. Ine ndinawaona akutuluka, n'chifukwa chake lero ndili pano ngati mphunzitsi wamba pamene kale ndinali hedi wa sukulu yathunthu. Khalani chete ndikuuzeni, koma wina asandidule pakamwa.

Dzina la sukuluyo sinditchula. Inali sekondale yoyendera, kuseri kwa mapiri, ndipo kuti ufike pa katawuni komwe kunali magetsi unkayenera kuwoloka mtsinje wa Chiwale. Mlatho panalibe. Chilimwe ngakhale mwana ankawoloka madzi akulekeza m'akakolo, koma dzinja likafika mtsinje uja sunkafuna masewera.

Masamu ankaphunzitsa a Sankhulani, bambo wofatsa, wosamala mopitirira muyeso. Munthu woti njinga ankayamba waipukuta ndi kansalu asanaikwere. Teremu iliyonse ndiwo ankapita kukadinditsa mapepala a mayeso ku tawuni kuja, poti njinga yolimba pa sukulupo inali yawo.

Lachisanu lina mu Malichi, mvula itagwa masiku atatu osakata, ndinawaitanira mu ofesi. Mayeso ankayamba Lolemba, mapepala onse ali kutsidya. Anandiuza mwaulemu kuti mtsinje wadzaza, ndi bwino tidikire uphwere. Ine masiku amenewo ndinali wa mtima wapachala, ndiponso ndinkafuna akuluakulu a maphunziro azinditchula ngati chitsanzo. Ndinawayankha mawu oipa. Iwo anangotenga chipewa chawo n'kutuluka. Mu ofesimo tinalimo awiri basi.

Popita anawoloka. Pobwera, atamangirira makatoni a mapepala pa kaliyala, madzi anawatenga. Anawapeza m'mawa mwake atakodwa m'mizu ya mkuyu kumadimba, makilomita atatu kumunsi kwa doko lowolokera.

Pa maliro abale awo anandifunsa kuti zinakhala bwanji kuti munthu anyamuke tsiku ngati limenelo. Ndinanama. Ndinati ine ndinawaletsa, iwo n'kukakamira. Ndinkaganiza kuti bodzalo likwiriridwa limodzi ndi bokosi, koma abale aja ankamudziwa munthu wawo. Anati munthu wosamala ngati ameneyu sangalowe yekha m'madzi odzaza, alipo amene anamuzunguza mutu ndi mankhwala. Maso onse anagwera pa mkazi wawo, Nangondo, poti m'mawa wa tsikulo anthu anawamva akukangana za mbuzi yomwe inalowa m'munda. Nkhani ya mbuzi, anzanga. Abalewo anati sipakhala kumeta mpaka nkhaniyi itaoneka mutu wake. Mukudziwa mwambo wathu: asanamete, namfedwa samasulidwa, sangabwerere kwawo, ndipo katundu wa malemu sagwidwa ndi munthu.

Choncho Nangondo anatsala m'nyumba ya aphunzitsi, kuseri kwenikweni kwa ofesi yanga, ndi duku lake lakuda, ndi mwana wake mmodzi, Esinta, yemwe anali Fomu 3. Tsiku lililonse ndinkamuona pawindo akusesa pakhomo. Akafika pa mjigo amayi anzake ankasuntha ndowa zawo. Abale a malemu anapangana kuti Loweruka lomaliza la Juni adzabwera ndi sing'anga kuti adzaloze mfiti pamaso pa anthu. Ine ndinkadziwa kuti kungotsegula pakamwa panga mayi uja amasuka, koma ndinkaopa. Ndinkaopa ntchito, ndinkaopa manyazi, ndinkaopa maso a anthu. Ndinakhala chete miyezi itatu.

Mu Meyi bungwe lina linatipatsa laputopu, pulinta ndi sola, pamodzi ndi pulogalamu yopanga mafunso. Anati tsopano palibenso woti aziwoloka mtsinje chifukwa cha mapepala. Mawu amenewo anandibaya, koma ndinawomba nawo m'manja. Makinawo tinawaika mu ofesi mwanga, ndipo woyendetsa anali a Dambula, mphunzitsi wa sayansi yemwe anasenzanso masamu. Anali munthu wa nthabwala, woseka ndi thupi lonse.

Mafunso oyamba anatiseketsa. Ankanena za masitima oyenda pansi pa nthaka ndi zipatso zoti ana athu sanazionepo.

"Madamu, chinthuchi chili ngati nkhuku," anatero a Dambula. "Chimaikira malinga ndi zomwe wachidyetsa. Chikufuna manotsi athu, mayeso athu akale. Ndikawajambula ndi foni n'kuchipatsa, chiyamba kufunsa ngati munthu wa konkuno."

"Ndiye chidyetseni."

"Za sayansi ndili nazo. Koma za masamu zonse zili m'makope a malemu."

Makope amenewo ndinkawadziwa. Anali achikuto cholimba, khumi ndi anayi, ntchito ya zaka pafupifupi makumi awiri, yolembedwa ndi dzanja looneka ngati lodinda. Anali m'nyumba mwawo, m'sutikesi. A Dambula atangonena, anakanda m'mutu n'kuwonjezera kuti mwina tidikire amete. Ine ndinati zimenezo n'zachikale, makope a sukulu ndi katundu wa boma.

Ndinapita ndekha masana. Nangondo ndinamupeza akusankha nyemba pa lichero, ndipo anandipatsa mpando, iye n'kukhala pansi.

"Amake Esinta, ndabwerera makope a masamu aja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "A Hedi, sitinamete."

"Ndikudziwa, koma ana akuyenera kulemba mayeso."

"Ine sindigwira. Ngati mukuwafuna, lowani mutenge nokha. Ali kunsi kwa bedi."

Ndinalowa. M'chipindamo munali mozizira kuposa panja, ndipo jekete yawo inali ikadali pa msomali. Ndinakoka sutikesi, ndinatenga makope onse, n'kutuluka osayang'ana kumbuyo. Nangondo sanadzutse mutu pa lichero paja.

Sabata yonse a Dambula anajambula tsamba ndi tsamba. Mayeso a pakati pa teremu anagwera sabata yomaliza ya Juni, yomwe ija ya sing'anga. Lolemba masana, ana ataweruka, tinakhala pansi kuti tipange pepala la Fomu 1. A Dambula anauza makina kuti tikufuna mafunso makumi awiri. Pulinta inalira, mapepala n'kutuluka.

Anali mafunso okoma, ndisaname. Matumba a mtedza, mizere ya fodya, malata a denga la tchalitchi. Ukamawerenga unkachita kumva mawu a Sankhulani. A Dambula anaseka n'kunena kuti mdala uja wabwerera ntchito. Kenako anasiya kuseka.

"Ndinati makumi awiri. Latuluka lina lowonjezera."

Pansi pa tsamba lomaliza panali funso la nambala 21. Linali m'Chingerezi monga mayeso onse, koma ndikuuzani m'chathu. Linkati: bambo wina wanyamuka pa sukulu 1 koloko masana pa njinga, akuyenda makilomita khumi ndi awiri pa ola. Tawuni ili pa mtunda wa makilomita khumi ndi asanu ndi atatu. Afika nthawi yanji?

Funso wamba, loti mwana aliyense akhoza. Koma a Sankhulani anatuluka mu ofesi mwanga 1 koloko, ndipo mtunda wa ku tawuni ndi womwewo. Nditagwira pepalalo ndinamva kuti kumunsi kwake n'konyowa pang'ono, ngati lagonera pa mame. Mu Juni, mvula itasiya kalekale, fumbi lili kobo. A Dambula anati mwina ndi inki, analifufuta funsolo pa makina n'kudindanso.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza bolopeni yanga yofiira palibe. Ndinkaisiya m'kapu pa tebulo, ndipo kiyi wa ofesi ndinkasunga ndekha. Ndinafufuza m'madirowa monse osaipeza. Mu ofesimo munkamveka kafungo ka matope, aja akuda a m'mbali mwa mtsinje. Ndinatsegula mawindo onse, koma fungo silinachoke.

Masana tinapanga pepala la Fomu 2. Ulendo uno a Dambula analemba nambala ija pang'onopang'ono, ine ndikuona. Makumi awiri. Pulinta itayamba kulira, kuseri kwa ofesi kunamveka belu la njinga. Ngiri, ngiri, kawiri. Ndinasuzumira pawindo. Kunalibe njinga, kunalibe munthu, koma Nangondo anali ataima pakhomo pake, tsache lili m'manja, akuyang'ana pa kanjira kobwera ku ofesi. Iyenso anali atamva.

Funso la 21 linalipo. Linkati: bambo yemwe uja akubwerera atanyamula makatoni awiri. Madzi a mumtsinje akuthamanga makilomita asanu pa ola, ndipo amukokolola kwa mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Apezeka pa mtunda wotani kuchokera pa doko?

A Dambula anatenga pensulo mwachizolowezi chabe, monga amachitira mphunzitsi akaona samu. Anawerengetsa m'mphepete mwa pepala. Atapeza yankho anaika pensulo pansi mwakachetechete.

"Makilomita atatu," anatero. "Pa mkuyu paja."

"Mwina analemba funso lotere m'makope mwawo kale."

"Madamu, makopewo ndajambula ndine, tsamba lililonse. Mulibe funso la mtsinje ngakhale limodzi. Mdala uja sankafuna n'komwe kuutchula."

Kenako a Dambula anandiuza chinthu chomwe anati wakhala akuchibisa kuyambira m'mawa. Pobwera ku sukulu anakumana ndi mayi wina wogulitsa mandasi, wa kutsidya, wosadziwa za pa sukulupo. Mayiyo anawauza kuti pa chitunda chochokera ku doko wadutsana ndi bambo wachipewa akukankha njinga, makatoni ali pambuyo akudontha madzi. Bamboyo anamufunsa mwaulemu ngati a Hedi ali mu ofesi. Mayi uja anati nkhope sanaione bwino, poti munthuyo ankayankhula atayang'ana kumbali.

"Mandasi akewo mwagula?" ndinafunsa, kufuna kuti tiseke.

Sanaseke. A Dambula osaseka, anzanga, zinali zoopsa kuposa belu lija.

Lachitatu ndinafuna kunena kuti pepala la Fomu 3 tilembe pamanja, koma ndinaopa kuti andifunsa chifukwa. Tinakhala pansi nthawi yomwe ija. Dzuwa linali phwee, ana akusewera mpira ku bwalo, zonse zili bwinobwino. A Dambula anadina. Pulinta inakoka pepala, inaima, inakokanso, ngati munthu wopuma movutika. Tsamba lomaliza linatuluka lonyowa moti linamatirira pa chala changa.

Funso la 21 la tsikulo linalibe nambala zowerengetsa. Linkati: mphunzitsi wina wa masamu ananena kuti mtsinje wadzaza, koma anapitabe. Gawo loyamba, anamutuma ndani? Gawo lachiwiri, anamuuza mawu otani? Malikisi khumi.

Makina aja ankatulutsanso pepala la mayankho, loti mphunzitsi azionera pochonga. A Dambula analitembenuza. Mayankho onse analipo kuyambira 1 mpaka 20. Pa 21 panali mpata chabe, woyera, wonyowa.

Anandiyang'ana. Sanandifunse kanthu, ndipo mpaka lero ndimawathokoza, koma m'maso mwawo ndinaona kuti ayamba kuwerengetsa samu ina. Ndinapsa mtima, poti munthu wamantha amathawira ku ukali. Ndinawauza kuti achotse chilichonse cha Sankhulani m'makinamo, chithunzi chilichonse, tsamba lililonse. Anachotsa ine ndikuona. Tinatenga mafunso makumi awiri aja n'kudinda mapepala makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, a ana onse a Fomu 3. Ndinawayang'ana limodzilimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo. Onse anathera pa 20, onse ouma. Ndinawaika mu envelopu, ndinamata, ndinasaina pomatapo, ndinatsekera m'kabati, kiyi n'kumuika pachifuwa.

Kenako ndinanyamula makope aja kubwerera nawo kwa Nangondo.

"Ndabweza, amake Esinta. Tathana nawo."

"Kaikeni pomwe munawatenga."

Nditatuluka m'chipinda muja ndinamupeza ataima pakhomo, moti ndinachita kudutsa chammbali. Anali ataonda, khosi ngati la mwana.

"A Hedi," anatero motsitsa mawu, "bambo ake Esinta sankabwerera pa khomo la munthu ngati sanayankhidwe. Ngakhale mwana m'kalasi ankamudikira mpaka belu."

Sindikudziwa ngati ankadziwa kanthu kapena ankangokumbuka mwamuna wake.

Lachinayi m'mawa ndinati mayeso a Fomu 3 ndiyang'anira ndekha. Envelopu inali yomata, siginecha yanga ili pomwepo. Ndinaing'amba pamaso pa ana, ndinagawa mapepala, ndipo pogawapo ndinkasuzumira tsamba lomaliza. Makumi awiri. Mtima unakhala pansi. Ndinakhala pa mpando kutsogolo, ana n'kuyamba kulemba.

Ola limodzi litadutsa, ndinamva kafungo kaja. Kanayambira kukhomo, n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa madesiki, monga amayendera mphunzitsi poyang'anira. Ana a mzere wapakati ankakweza mapewa kakamadutsa, ngati wina wawaima kumbuyo. Palibe anatembenuka. Kenako mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja.

"Madamu, nambala 21 sitinaphunzire."

"Palibe nambala 21. Lemba zomwe zilipo."

"Ilipo, Madamu."

Mapepala anayamba kutembenuzidwa kalasi yonse, phwa, phwa, phwa. Ndinaimirira n'kutenga pepala la mwana wa kutsogolo. Linalipo, pansi penipeni, inki yake yofanana ndi ya mafunso enawo, pepala lonyowa m'mphepete. Ndinatenga la wina. Linalipo. Ndinafuna kukuwa kuti asayankhe, koma sindinatero. Ndinangoona mitu ikuwerama umodziumodzi, mabolopeni n'kuyamba kuyenda. Ana athu tinawaphunzitsa tokha kuti pa mayeso osasiya mpata, lemba chilichonse chomwe ukudziwa.

Esinta ankakhala pafupi ndi windo. Anakhala nthawi yaitali osalemba, akungoyang'ana pepala. Belu litatsala pang'ono kulira, analemba mawu ochepa, n'kuphimba ndi dzanja.

Masana ndinadzitsekera mu ofesi ndi mulu wa mapepala uja. Bolopeni yanga yofiira inali pa tebulo, pakati penipeni, yopanda chitsekerero, ndipo mpando wa alendo unali utakokedwa kufupi ndi tebulo. Ine sindinaukoke. Sindinauyang'anenso kachiwiri, koma nthawi yonseyo ndinkadziwa kuti suli wopanda kanthu.

Sindinayambire pa nambala 1. Ndinapita pa 21 pa pepala lililonse. Loyamba: akazi awo. Lachiwiri: akazi awo, ndi mankhwala. Lachitatu: mayi ake a Esinta. Ena anachita kufotokoza bwinobwino, ndi za mbuzi zomwe, monga ankamvera kwa makolo awo. Ana asanu okha ndiwo analemba kuti sakudziwa. Dzina langa silinapezeke pa pepala ngakhale limodzi. Ndinali nditapulumuka, anzanga. Bodza langa linali litakhoza mayeso kalasi yonse.

Pepala la Esinta ndinalisiya komaliza. Masamu ake anali aukhondo ngati a bambo ake. Pa 21 analemba timalemba ting'onoting'ono, tosiyana ndi tina tonse: "Anthu akuti ndi amayi. Inenso ndayamba kuganiza choncho."

Apo ndiye ndinalira. Ndinalira ngati mwana, chifukwa ndinazindikira kuti sindinangomulanda mwana uja bambo, ndinali ndikumulandanso mayi. Ankagona nyumba imodzi, kudya mbale imodzi, mwana akuyang'ana mayi ake ngati mfiti, ine ndili pawindo kuonerera.

Tsono pepala la mayeso likafika pa tebulo la mphunzitsi liyenera kuchongedwa. Palibe njira yachitatu, mumadziwa nonse, ndi kuchonga kapena kuthetha. Ndinagwira bolopeni ija, inali yozizira ngati yachokera m'madzi. Ndikanatha kungodutsa funsolo, kunena kuti makina analakwitsa. Ndinayesa. Ndinatembenuza pepala kuti ndiyambe nambala 1, mpando uja n'kulira pang'ono, monga umachitira munthu akamakhazikika bwino kuti adikire. Ndinabwerera pa 21. Ndinathetha yankho la Esinta. Ndinathetha lotsatira, ndi lotsatira, mpaka mulu wonse unatha.

Lachisanu inali nthawi ya makorekishoni. Mwambo wake mukuudziwa: umabweza mapepala, umalemba mayankho olondola pa bolodi, ana n'kumakopera. Ndinapempha a Dambula kuti akhale nawo kumbuyo kwa kalasi. Ndinagawa mapepala. Ana ataona kuti onse alakwa 21 anayamba kung'ung'udza, ena kuyang'ana Esinta. Iye anangoti zyoli.

Ndinayamba ndi nambala 1. Ndinkachedwa dala, ndikuvomera, samu iliyonse ndinkaifotokoza kawiri. Koma mafunso makumi awiri amatha. Nditafika pansi pa bolodi choko chinali chitatsala kachidutswa. Ndinalemba 21, gawo loyamba. Dzanja linakana. Ndinaligwira ndi linzake, n'kulemba dzina langa lonse, Mayi Kathumba, mphunzitsi wamkulu.

Ana ena anayamba kukopera asanamvetse n'komwe, poti dzanja la mwana wa sukulu limatsogola mutu. Kenako mabolopeni anaima. Kumbuyo kuja a Dambula anavula magalasi n'kuyang'ana pansi. Ndinatembenuka n'kuwauza ana aja kuti ndine ndinawatuma a Sankhulani, iwo atakana, ndipo pa maliro ndinanama. Ndinati amake Esinta alibe mlandu uliwonse, ndipo mawa ndikanena zomwezi pamaso pa abale, sing'anga asanatsegule thumba lake. Ndinasasa fumbi la choko m'manja, ndikuganiza kuti ndamaliza.

Esinta anakweza dzanja. Anachita kukweza bwinobwino, ngati tsiku lina lililonse.

"Madamu, funsoli lili ndi magawo awiri."

Mawu ake sananjenjemere ayi. Anali atagwira bolopeni, kope lili lotsegula, akundidikira. Kalasi yonse inkandidikira. Choko chinali chitatha, choncho ndinayenera kunena ndi pakamwa, mawu omwe aja, m'mene ndinawanenera tsiku lija.

"Ndinawauza kuti, ngati mukuopa madzi kabwerekeni chitenje kwa akazi anu. Pitani. Mukapanda kubwera ndi mapepalawo, inunso musabwere."

Analemba. Ndinkamva bolopeni yake yokha m'kalasi monse, liwu ndi liwu, osadumpha ngakhale limodzi. Atamaliza anatenga rula n'kudula mzere pansi pake. Anatseka kope, anaimirira, n'kutuluka osapempha chilolezo, ndipo palibe anamuletsa.

Ndinamuona pawindo. Anayamba ndi kuyenda, atadutsa mjigo n'kuyamba kuthamanga. Amayi ake anali pakhonde akupeta. Mwana uja atafika sanalowe m'nyumba, anagwada pa fumbi pomwepo, yunifolomu ili m'thupi, n'kugwira miyendo ya amayi ake. Nangondo anaika lichero pansi. Sanayang'ane mwanayo poyamba, anayang'ana ku windo komwe ndinaima ine, nthawi yaitali, kenako n'kuwerama kumudzutsa.

Loweruka ndinanena zonse pamaso pa abale aja. Anameta Lamulungu, ndipo Lolemba Nangondo anakwera matola kupita kwawo ndi mwana wake. Ndinapita kukatsanzika. Sanandipatse mpando.